Wakumudzi kukaona mudzi wa eni: za ulendo wa ku Muang Ngoi

Funso: Ndine mtsikana wa ku Mulanje, ndikuphunzira ku Kunming m'dziko la China. Mu Januwale tidzakhala patchuthi ndipo ndasunga kangachepe. Mnzanga wandionetsa zithunzi za mudzi wina wa ku Laos wotchedwa Muang Ngoi, uli m'mbali mwa mtsinje pakati pa mapiri, akuti anthu amafikako pa boti. Mtima ukufuna, koma ndikudzifunsa kuti ine wokulira m'mphepete mwa Ruo, phiri lili pakhomo, ndikatayirenji ndalama kukaona mudzi? Ngati n'koyenera, ndiyende bwanji, nanga mkazi yekha angathe?

Yankho: Achemwali, funso lanu landiseketsa chifukwa inenso ndinadzifunsa zomwezo nditakhala pa thabwa la botilo, mawondo atafika pachibwano, thumba la mpunga la munthu wina litanditsamira kumsana. Mumtima ndinkati, kodi mtunda wonsewu ndayendera nkhuku ndi ana osamba kudambo? Ndinakonza zogonako usiku umodzi, koma ndinagonako masiku anayi. Pitani. Koma ngati mukufuna kukafika masana n'kubwerako m'mawa mwake, ndalama zanuzo sungani, chifukwa mukangoona zomwe mwaona kale pa foni ya mnzanuyo.

Tiyambe ndi mapepala, poti apa ndi pamene ulendo wa munthu wa pasipoti ya ku Africa umafera usanayambe. Malamulo a viza ya Laos safanana kwa tonse, ndipo amasinthasintha. Zomwe anachita mnzanu wa dziko lina musazitenge ngati zanu. Mwayi wanu ndi wakuti mu Kunming momwemo muli ofesi ya kazembe wamng'ono wa Laos. Pitaniko ndi pasipoti yanu nthawi ikadalipo, mukafunse ngati mungalowe pa chipata cha sitima cha Boten ndi viza ya mtundu wanji. Chachiwiri, chimene ambiri amaiwala: onani chikalata chanu chokhalira mu China ngati chimalola kutuluka ndi kulowanso. Chilolezo chokhala cha ophunzira a nthawi yaitali chimalola, koma viza ina ya maphunziro aafupi ndi yolowera kamodzi basi. Kuli bwino kufunsa ku ofesi ya ophunzira akunja pasukulu panu kusiyana n'kukazindikira muli kale kutsidya.

Njira yokha inu muli nayo yophweka kuposa ife amene tinkachokera kummwera pa basi. Njanji ya pakati pa China ndi Laos inatsegulidwa mu Disembala 2021, ndipo kuyambira mu Epulo 2023 pali sitima yonyamula anthu yodutsa malire kuchokera ku Kunming mpaka ku Vientiane, likulu la Laos. Mukanyamuka m'mawa, mumatsika ndi katundu wanu pa Mohan kuti adinde mbali ya China, n'kutsikanso pa Boten mbali ya Laos, ndipo dzuwa lisanalowe mwafika mu mzinda wa Luang Prabang. Wotchi mubweze ndi ola limodzi. Tikiti gulani msanga, chifukwa tchuthi chanucho chimagundana ndi Chaka Chatsopano cha ku China pamene sitima zimadzaza ngati basi ya pa Khirisimasi pa Wenela.

Ku Luang Prabang gonani masiku awiri, ndipo ndinena chifukwa chake patsogolopa. Kuchoka apo mukwera minibasi yopita ku Nong Khiaw, ulendo wa maola atatu kapena anayi pa msewu wokhotakhota, wa maenje oti wa ku Malawi sangadabwe nawo. Ena amatsikira pa siteshoni ya Muang Xai n'kudzera pa Pak Mong, koma kwa woyamba kumene ndingasankhe ya Luang Prabang. Ku Nong Khiaw ndi kumene mukwerere boti pa mtsinje wa Nam Ou. Boti la anthu onse limanyamuka chakumasana, nthawi zina pamakhalanso lachiwiri dzuwa litapendeka, ndipo ulendo wake ndi wa ola limodzi kulowera kumtunda. Nthawi yeniyeni kafunseni pa kaofesi ka matikiti kamene kali padoko, tsiku lomwe mwafika.

Botilo ndi lalitali, lopapatiza, la denga lochepa, injini yake yaphokoso loti simungacheze ndi wapafupi. Khalani chakutsogolo ngati malo alipo. Foni ndi pasipoti mangani mu jumbo, madzi amathovukira mkati. Ndipo valani juzi. Anthu akamva kuti dziko lotentha amanyamula malaya opyapyala okhaokha, koma kumpoto kwa Laos mu Januwale m'mawa kumazizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba mtsinje mpaka dzuwa litakwera. Nyumba zambiri zogona alendo ndi zamatabwa kapena zansungwi, mphepo imalowa m'ming'alu. Sokosi ndi mpango musasiye.

Tsopano ku funso lanu lenileni, loti mukaonako chiyani chimene kwanu kulibe.

Choyamba ndi mapiriwo. Mulanje wanu ndi chimwala chimodzi chachikulu, cholimba, choima pachokha pakati pa chigwa. A ku Nam Ou ndi a miyala ya laimu imene madzi amaisungunula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake ali ngati mano osongoka otuluka mumtsinje momwemo, nkhalango itakakamira m'makoma mwake, mkati mwake muli mapanga okhaokha. Mudziwo wapanikizika pakati pa madzi ndi phiri. Mukatsika boti mumakwera masitepe n'kupezeka pa kamsewu kamodzi kokha, kotalika ngati theka la kilomita, kachisi wa Chibuda ali kumapeto kwake chakumpoto. Anthu ake sakwana 1,000. Magetsi a tsiku lonse anafika cha mu 2013. Kale ankadalira jenereta ya maola ochepa madzulo. Kamsewu kafumbi kanafikanso, moti mawu akuti kumafikidwa pa boti pokha ndi akale pang'ono, ngakhale alendo pafupifupi onse amadzerabe pamadzi.

Ndikuuzeniretu kuti simukakhala mlendo yekha. Kamsewu kaja kadzaza malo odyera ndi timanyumba ta alendo, azungu a zikwama zakumsana ali ndandanda m'nsalu zolendewera zogonamo moyang'ana mtsinje. Wina akakuuzani kuti ndi mudzi wosadziwika, akunama. Komanso minda yampunga yobiriwira imene mwaiona pa zithunzi ndi ya nyengo yamvula, kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala. Inu mukapeza atakolola kale, m'minda muli ziputu, njati zoweta zikudya momwemo. Phindu lanu ndi lakuti njira zikhala zouma, misundu kulibe, ndipo mukhala mwafika utsi usanayambe. Mu Malichi ndi Epulo anthu amatentha minda ya m'mapiri, thambo limachita bii moti phiri la tsidya lina silioneka. Nyengo yanuyo ndi yabwino.

Chachiwiri, chimene chinandisunga masiku anayi, mudzachiona musanachimvetse. Pakhomo pa nyumba zina pali zitsulo zazitali zadzimbiri, zooneka ngati bwato lodulidwa pakati, ena abzalamo anyezi ndi maluwa, ena aimika ngati mizati ya mpanda. Amenewo ndi makoko a mabomba. Kuyambira 1964 mpaka 1973, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati, ndege za America zinaponya mabomba opitirira matani 2 miliyoni pa Laos, pa maulendo oposa 580,000, pa nkhondo imene kwa zaka zambiri boma la America silinkavomera poyera kuti ikuchitika. Ambiri anali mabomba a chikoko chachikulu chimene chimatseguka m'mwamba n'kumwaza timabomba ting'onoting'ono mazanamazana, kukula kwake ngati dzaye laling'ono. Timeneti tinaponyedwa pafupifupi 270 miliyoni, ndipo akuyerekeza kuti mpaka 80 miliyoni sitinaphulike. Tili m'nthaka mpaka lero. Eni ake amatitcha "bombie". Chithereni nkhondo, anthu oposa 20,000 afa kapena kuvulala nato, ambiri akulima, akusonkha moto pansi, kapena ana atatola n'kumaseweretsa ngati mpira.

Muang Ngoi anali likulu la boma la deralo, ndipo anaphwasulidwa. Likulu linasamukira ku Nong Khiaw. Mukayenda ngati theka la ola kuchoka m'mudzi kulowera kummawa, mutalipira kandalama kochepa pa kachipata, mufika pa phanga la Tham Kang, pamene kamtsinje koyera kamatuluka pansi pa thanthwe. M'mapanga ngati limeneli ndi mmene anthu ankabisala ndege zikamabwera, kuphika momwemo, kubereka momwemo, kumunda n'kumapita usiku. Tengani tochi, imani mkatimo kanthawi, muzimitse. Mdima wake ndi chinyezi chake zimakuuzani zimene buku silingakuuzeni.

Apa ndiye pali lamulo limodzi limene sindifuna mukaliphwanye: musapatuke m'njira yopondedwa. Ine ndinaliphwanya. Tikupita ku mudzi wa Ban Na ndi bambo wina wachikulire amene ankatitsogolera, ndinafuna kutaya madzi, ndipo mwachizolowezi chathu ndinangoti ndilowe patchire pang'ono. Ndisanaponde kachitatu, bamboyo anali atandigwira pamkono, mwamphamvu ndithu, nkhope itasintha. Sitinkamvana chinenero. Anangoloza pansi, n'kufumbata dzanja, n'kulitambasula mwadzidzidzi. Kenako anandilozera pa chiputu cha m'munda wolimidwa kale kuti ndipite pamenepo. Manyazi anandigwira, munthu wamkulu ngati ine kugwidwa ngati mwana. Inu a ku Mulanje nkhani zotere si zachilendo kwenikweni. Akuluakulu a m'mbali mwa Ruo akukumbukira mabomba okwirira a nkhondo ya ku Mozambique, dziko limene linadzalengeza kuti lamaliza kuwachotsa mu 2015. Ku Laos ntchitoyo ikadali kutali. N'chifukwa chake ndati mugone kaye ku Luang Prabang: kumeneko kuli kanyumba kophunzitsira alendo ka bungwe la UXO Lao limene limachotsa mabombawa. Ola limodzi mmenemo likukwanirani kuti mukadziwe maonekedwe a chinthu choti musachikhudze. Njira za pakati pa midzi, zopita ku Ban Na, Huay Bo ndi Huay Sen, anthu amayendamo tsiku ndi tsiku ndipo mulibe vuto. Zolowera m'nkhalango n'zofunika wotsogolera wa m'mudzimo, ndipo kumulipira ndi njira yabwino yosiyira ndalama kwa eni dera.

Mtsinjewo nawo uli ndi nkhani yake. Nam Ou ndi wotalika makilomita pafupifupi 450, umachokera kumalire ndi China n'kukathira mu mtsinje waukulu wa Mekong pa Pak Ou, kumtunda kwa Luang Prabang. Kale munthu ankakwera boti ku Luang Prabang n'kuyenda tsiku lonse mpaka ku Nong Khiaw. Zimenezo zinatha. Kampani ya ku China ya PowerChina inamanga madamu asanu ndi awiri pa mtsinje umodziwu, omaliza anatha mu 2021, onse pamodzi mphamvu yake ndi mamegawati 1,272, kuposa katatu ya Nkula, Tedzani ndi Kapichira kuphatikiza pamodzi. Damu lina lili kumunsi kwa Nong Khiaw, lina kumtunda kwa Muang Ngoi, moti kachigawo kamene mudzayendepo kali pakati pa makoma awiri. Wofuna kupitirira pamadzi mpaka ku tauni ya kumtunda ya Muang Khua amatsika pa damu, n'kukwera galimoto kulambalala khoma, n'kukakwera boti lina. Midzi ina inasamutsidwa, ndipo asodzi amadandaula kuti nsomba zachepa. Kwa inu tanthauzo lake ndi ili: madzi akhoza kukwera kapena kutsika popanda mvula, malinga ndi mmene atsegulira kudamu. Musasiye katundu pamchenga m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo ngakhale munakulira pa Ruo, musasambire kutali ndi gombe nokha. Sambani pamene amayi a m'mudzimo akusamba.

Pamenepa chitenje chanu chikugwirani ntchito kuposa chovala china chilichonse. Akazi a kumeneko amasamba kumtsinje atamanga nsalu pachifuwa, ngati kwathu, ndipo chovala chawo cha tsiku ndi tsiku, sinh, ndi nsalu yokulunga m'chiuno. Alendo oyenda m'mudzi ndi zovala zosambira eni ake amangowayang'ana osanena kanthu, koma zimawanyansa. Inu mwambo wambiri mukuudziwa kale: kupereka moni musanafunse njira, kuvula nsapato polowa m'nyumba, kusajambula munthu musanapemphe. Moni wake ndi "sabaidee", manja mutawaphatikiza pachifuwa, zikomo ndi "khop chai". Zachilendo n'zochepa. Mutu wa munthu, ngakhale wa mwana, sagwira. Mapazi saloza nawo munthu kapena fano la Buddha. Mkazi sakhudza mmonke (wansembe wa Chibuda) kapena kumupatsa chinthu m'manja. M'bandakucha amonke amayenda mumsewu ndi mbale zawo kulandira mpunga kwa anthu ogwada. Imani patali, mwakachetechete. M'midzi ya mtundu wa Khmu mukaona kansungwi kolukidwa ngati nyenyezi kataimikidwa pakhomo kapena panjira, ndi chizindikiro chakuti pali mwambo, mlendo asalowe. Ndipo chonde, maswiti ndi ndalama kwa ana ayi. Mukudziwa mmene zimaonekera kwathu ana akamathamangira galimoto ya alendo atatambasula manja. Mukafuna kuthandiza, gulani nsalu kwa amayi oluka, monga a ku Sop Jam, mudzi wa kumtunda pang'ono pa boti, kapena idyani ndi kugona ku Ban Na usiku umodzi.

Za kuyang'anitsitsidwa sindikuphunzitsani, mwakhala ku China. Munthu wakuda ndi wosowa kumeneko. Ana adzakutsatirani, agogo ena adzafuna kugwira tsitsi lanu. Ine ndinaona chidwi, sindinaone chipongwe, ndipo anthu a ku Laos ndi ofatsa, sakonda kukweza mawu. Kukwiya poyera kumakuchotserani ulemu inuyo. Mkazi yekha angathe ndithu, ambiri amapitako okha. Nzeru zake ndi zomwezo za kulikonse: chitseko ndi zenera zikhale zokhoma, ndalama ndi pasipoti zikhale pathupi osati m'chipinda, chifukwa timanyumba tansungwi sitivuta kulowa, ndipo mukamapita kumidzi ya kutali uzani mwini nyumba kumene mwalowera. Pokwera ku Phanoi, pamwamba poonera mudzi ndi mtsinje, njira yake ndi yotsetsereka ya miyala yakuthwa. Valani nsapato zotseka ndipo tsikani kusanade.

Chakudya chikusangalatsani. Nsima yawo ndi mpunga womata, khao niao, umene amauphika ndi nthunzi n'kuuika mu kadengu kansungwi kokhala ndi chivindikiro. Amadya ndi manja, kutema, kuumba mbamu, n'kusunsa mu ndiwo. Tsiku loyamba mayi wa pamalo odyera anandibweretsera supuni, koma ataona mmene ndikuumbira anaitana anzake kukhitchini kuti adzaone. Lawani khai phaen, ndere za mumtsinje zimene amaziyanika zopyapyala ngati pepala atawaza chitowe, tomato ndi adyo, kenako n'kuzikazinga. Nyengo yake ndi yomweyo yozizira. Nsomba yowotcha, mphukira za nsungwi, ndi tsabola wosinja wotchedwa jeow, zonsezo idyani. Chimene ndikukanizani ndi nsomba kapena nyama yaiwisi. Laap, nyama yoduladula yosakaniza ndi masamba onunkhira, ena amaidya yosaphika. Nenani kuti mukufuna yophika. Nsomba zaiwisi za m'mitsinje ya kumeneko zimakhala ndi tinyongolotsi timene timakakhala m'chiwindi zaka zambiri. Madzi imwani a m'botolo kapena owiritsa. Kachasu wawo ndi lao-lao, wa mpunga, ndipo amakonda kupatsa mlendo kapu. Kukana mwaulemu n'kololedwa. Mu Novembala 2024 alendo asanu ndi mmodzi anafa atamwa mowa wokhala ndi poizoni wa methanol ku Vang Vieng, tauni ina ya m'dzikomo, choncho mowa wosadziwika kochokera, ngakhale waulere, ulekeni.

Pa zaumoyo, chachikulu n'chakuti chipatala chenicheni chili kutali: ola limodzi pamadzi, kuwonjeza maola atatu kapena anayi pamsewu kukafika ku Luang Prabang, ndipo usiku boti mumachita kubwereka lanulanu. Nyamulani mankhwala a m'mimba, thanzi ORS, panado ndi zomangira bala, komanso onani ngati inshuwalansi yanu ya kusukulu imagwira ntchito kunja kwa China, zambiri sizitero. Udzudzu wa kumeneko woopsa ndi wa dengue, umene umaluma masana, osati usiku wokha ngati wa malungo, ngakhale mu Januwale umachepa. Galu kapena mphaka akakulumani kapena kukukandani, tsukani ndi sopo nthawi yaitali ndipo nyamukani kukafuna katemera wa chiwewe, musadikire kuti tchuthi chithe.

Ndalama tengani zogwirika. Inu mwazolowera kulipira chilichonse ndi foni ku Kunming, koma kumudziko musadalire zimenezo, kapena makina otulutsa ndalama. Sinthani ma yuan anu ku Luang Prabang, kapena tapani pa makina ku Nong Khiaw musanakwere boti. Ndalama yawo ndi kip, ndipo yagwa mphamvu kwambiri kuyambira 2022, nkhani imene Mmalawi safunika kumufotokozera. Pepala lalikulu kwambiri ndi la 100,000, lomwe ndi pafupifupi madola asanu, choncho mudzaoneka wolemera ndi mpukutu wosakhalitsa. Mitengo ya pa intaneti ya zaka zapitazo musaikhulupirire. Werengerani zogona, zakudya katatu, wotsogolera tsiku limodzi ndi boti lobwerera, kenako onjezerani za masiku awiri, chifukwa mukhoza kuchita ngati ine. Pemphaninso timapepala ting'onoting'ono, kumidzi ya mkati chenje chimasowa.

Pa masiku khumi, ine ndikanagawa chonchi: awiri ku Luang Prabang, limodzi ku Nong Khiaw, atatu kapena anayi ku Muang Ngoi limodzi mwa iwo mutagona ku Ban Na kapena ku Huay Bo, otsalawo a panjira. Boti lobwerera limanyamuka m'mawa, kadzutsa atangotha, ndipo likakusiyani mwagonanso kapena mulipira boti lonse nokha. Musaike tikiti ya sitima ya ku Kunming tsiku lomwelo lotsika mtsinje. Gonani ku Luang Prabang, mukwere mawa lake.